Ndamvetsa tsopano kusiyana kwa φ(n) ndi λ(n)

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lija lokhudza fankishoni ya Euler, φ(n), ndi ya Carmichael, λ(n), zomwe ndinkaziyesa chinthu chimodzi. φ(n) ndi kuchuluka kwa manambala kuyambira 1 kufika n omwe sagawika ndi nambala iliyonse yogawa n kupatula 1, pamene λ(n) ndi pawa (power) yaing'ono kwambiri imene, ukakweza nayo nambala iliyonse ya m'gulu limeneli n'kugawa ndi n, chotsala chimakhala 1. Ndinatsatira malangizo akuti ndisiye kaye kuloweza matanthauzo ndipo ndiyese ndi nambala yaing'ono.

Ndinasankha n = 15, yomwe ndi 3 × 5. Kuyambira 1 kufika 15, manambala osagawika ndi 3 kapena 5 ndi 1, 2, 4, 7, 8, 11, 13 ndi 14, choncho φ(15) = 8. Koma nditawerengera a⁴ pa nambala iliyonse ya m'gululi, monga 7 × 7 × 7 × 7 = 2401, n'kugawa ndi 15, chotsala chinali 1 nthawi zonse, pamene 2, 2² ndi 2³ zinasiya 2, 4 ndi 8. Motero λ(15) = 4.

Chomwe chinkandisokoneza n'chakuti ndinkangoyesa manambala a prime (ogawika ndi 1 ndi iwo eni basi), monga 7 ndi 13, pomwe ziwirizi zimafananadi. Kwa amene adzakumane ndi vutoli: ngati n = pq, pomwe p ndi q ndi ma prime osiyana, φ(n) ndi (p − 1)(q − 1), koma λ(n) ndi LCM ya p − 1 ndi q − 1 (nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi zonse ziwiri), ndipo λ(n) imagawa φ(n) popanda chotsala.