Kugulitsa ana a ng'ombe akangosiya kuyamwa kapena kuwasunga mpaka anenepe: phindu lili pati?

Mlimi wa ku Mchinji

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Munthu amene ali ndi ng'ombe zazikazi 4 zachikuda, munda wa chimanga ndi mtedza wa maekala 3, ndiponso dambo lodyetsera limodzi ndi anthu ena, achite chiyani ndi ana aamuna? Awagulitse akangosiya kuyamwa, kapena awafule n'kuwasunga mpaka adzanenepe m'khola? Ndikufunsa za ndalama zenizeni zotsala m'thumba.

Gogo wa pa Dambo

Achimwene, musanawerenge mtengo wa mwana wa ng'ombe, yambani mwawerenga amake. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9 ndi masiku pang'ono, ndiye yodya bwino ikhoza kubereka chaka chilichonse. Koma zathu zachikudazi zikaonda m'chilimwe, pakati pa Seputembala ndi Novembala, zimachedwa kufuna nkhunzi, ndipo zambiri zimatha chaka ndi theka kapena zaka 2 zisanaberekenso. Ng'ombe 4 zobereka kamodzi pa zaka 2 zikupatsani ana 2 pa chaka. Kawirikawiri mmodzi amakhala msoti woti mudzasunge. Wogulitsa watsala mmodzi, ndipo mmodziyo ndiye alipire mbusa, mankhwala a nkhupakupa, a njoka za m'mimba, ndi mitengo yokonzera khola la ng'ombe zonse. Akafa ameneyo, chaka chonse mwagwira ntchito yaulere.

N'chifukwa chake ine ndimati ndalama yoyamba ipite kwa mayi ndi kwa mwana wakhanda. Mwana ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja pasanathe maola 6 chibadwire, chifukwa pakadutsa tsiku limodzi matumbo ake salandiranso chitetezo chimene chili mu mkakawo. Pamchombo pakani ayodini. Asagone m'matope a khola lalikulu nthawi ya dzinja, mum'mangire kakhola kake kofolera, kouma. Ndipo musamakame mkaka wonse n'kumusiyira madontho. Ng'ombe yachikuda ilibe mkaka wambiri. Kapu ya mkaka ya pa tiyi imene mwam'landa lero idzaoneka pa nthiti zake tsiku logulitsa.

Kwanu ku Mchinjiko chopha ana kwambiri ndi East Coast fever, matenda obwera ndi nkhupakupa zofiirira zokhala m'makutu. Mwana amatupa mwanabele pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, amatentha thupi, kenako amabanika. Mukachedwa masiku ochepa, mankhwala ake ndi okwera mtengo ndipo mwina sachiza. Poperani sabata iliyonse m'dzinja, makamaka m'makutu ndi kunsi kwa mchira, ndipo funsani alangizi a ziweto za katemera wake, amene amapangidwa ku Lilongwe konkuno.

Mai a Madeya

Gogo anena zoona, koma funso lenilenilo ndiliyankhe mosazungulira: musagulitse wongosiya kuyamwa pokhapokha ngati mulibe chakudya chom'patsa m'chilimwe. Mwana wa miyezi 7 kapena 8 abutchala samufuna, nyama yake njochepa. Om'gula ndi alimi anzanu ndi mavenda, ndipo amadziwa kuti wogulitsa kamwana ndi munthu wopanikizika. Gawo lovuta, loti mwana akhoza kufa, mwalisenza kale inu. Gawo losavuta, lokula ndi udzu wa m'dambo, mukulipereka kwa wina.

Mufuleni ali wamng'ono, asanakwane miyezi 6, ndi chopanira chija amati Burdizzo. Panani mtsempha umodzi umodzi, osati yonse pamodzi mzere umodzi, kuopa kuti chikopa chingafe n'kuwola. Akatero azidya ndi zinzake mpaka zaka 2 ndi theka kapena 3, pamene mafupa akula. Kuika m'khola kang'ombe kosakhwima n'kutaya madeya, chifukwa chakudya chimapita ku msinkhu osati ku minofu.

Masamu a m'khola ndi awa. Ng'ombe yofula ya makilogalamu pafupifupi 250 imadya chakudya chouma chokwana makilogalamu 6 kapena 7 pa tsiku. Pa chimenecho, madeya akhale makilogalamu 3, chotsalacho mapesi oduladula, masangwi a mtedza, nsenjere ndi masamba a lukina pang'ono, lukinayo asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonsecho. Mchere kachikhatho kamodzi. Madzi ndowa 2 za malita 20, asamasowe. Masiku 120 adya madeya makilogalamu 360. Ikadya bwino ikhoza kumawonjezera pafupifupi theka la kilogalamu pa tsiku, ndiye kuti makilogalamu 60 pa miyezi 4. Ikaphedwa, nyama ya pa mbedza imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake ili yamoyo. Choncho madeya makilogalamu 360 aja abala nyama yatsopano yokwana makilogalamu 30 basi. Tengani mtengo wa madeya kwanuko, muchulukitse, muyerekeze ndi mtengo wa nyamayo. Muona kuti ngati madeyawo mukugula m'Januwale pamene chimanga chasowa, palibe chotsala. Phindu limabwera pawiri: madeya ogula pa chigayo mu Meyi kapena Juni n'kuwayanika bwino, ndiponso mtengo wa ng'ombe yonse umakwera ikanona, osati makilogalamu atsopano okhawo.

Zimene zimawononga: kuyamba ndi madeya ambiri tsiku loyamba. M'mimba mumachita asidi, ng'ombe imatupidwa, imatsegula, nthawi zina imafa. Yambani ndi theka la kilogalamu, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata 2. Madeya a chuku musapereke. Mankhwala a njoka ndi a nyongolotsi za m'chiwindi imwe isanalowe m'khola, makamaka yodya m'dambo, apo ayi mukudyetsa njoka. Masangwi sonkhanitsani mukangokumba mtedza n'kuwaika pa thandala pamthunzi. Masamba akayoyoka, chatsala ndi timitengo topanda ntchito. Manyowa a m'kholamo muwawerengenso, amachepetsa feteleza wogula.

Wa ku Chigwa

Ndiwonjezere za pogulitsa, poti ambiri amalimbikira miyezi yonseyo n'kudzaluza pa ola limodzi. Musagulitse ndi maso. Wogula amaona ng'ombe tsiku lililonse, inu kamodzi pa chaka, ndiye pongoyerekeza adzakudyerani. Pezani tepi yoyezera ng'ombe, muizungulize pachifuwa kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, ng'ombe itaima mowongoka. Ikupatsani makilogalamu. Gawani pakati, chulukitsani ndi mtengo umene abutchala akugulira nyama yapikupiku, ndipo mwadziwa poyambira kukambirana. Kumbukirani kuti mutu, mapazi, zam'kati ndi chikopa wogula amagulitsanso.

Nthawi yake konzani mobwerera m'mbuyo. Ngati mukufuna msika wa Khirisimasi, ilowe m'khola mu Ogasiti. Imatuluka yonona pamene za m'dambo zili mafupa okhaokha. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yoipa, aliyense akugulitsa kuti apeze chimanga ndi fizi. Musalole ngongole ya "ndikapha ndidzabweretsa". Chilolezo choyendetsera chiweto cha alangizi ndi kalata ya amfumu zikhalepo, ndipo ngati mwabaya mankhwala dikirani masiku olembedwa pa botolo isanaphedwe.

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka misika ndi kuletsa kuyendetsa ng'ombe, ndipo yonenepa kale imangodya madeya popanda kuwonjezera kanthu. Choncho musungeko chakudya cha mwezi wina umodzi pamwamba pa masiku 120 aja.

Mlimi wa ku Mchinji

Zikomo nonse. Nanga kubwereka nkhunzi ya Brahman kuti ana azibadwa akuluakulu?

Mai a Madeya

Pa mikota yoti idaberekapo kale, inde, anawo amakula msanga. Pa msoti woyamba kubereka ayi, mwana angakakamire panjira n'kutaya onse awiri. Ndipo ana osakanizawo amadya kwambiri, ndiye muyambe mwaona ngati masangwi a maekala 3 aja akwanira.