Tingawathandize bwanji anzathu ovala magolovesi amodzimodzi wodi yonse?

Anzanga anamwino, madokotala ndi a ntchito yoteteza matenda m'zipatala, ndikupempha nzeru zanu.

Ambiri sakana magolovesi, koma amawavala podziteteza okha, wodwala n'kuiwalika. Munthu atsuka bala pa bedi loyamba, agwira faelo, cholembera ndi foni, kenako akonza dripi pa bedi lachiwiri asanavule. Ena amapaka sanitayiza pamwamba pa magolovesi, pomwe mankhwalawo amafooketsa mphira. Choyenera n'kuvula ukatha wodwala aliyense, kupaka sanitayiza m'manja masekondi 20 mpaka 30, kapena kusamba ndi sopo masekondi 40 mpaka 60 ngati manja adetsedwa. Kuyeretsa manjaku n'kofunika chifukwa magolovesi amatha kukhala ndi timabowo tosaoneka, ndipo povula dzanja limatha kukhudza kunja kwake.

Ku wodi ya TB nkhani ndi N95, masiki yosefa mpweya yomwe imatchinga mphuno ndi pakamwa. Imapezeka ili pachibwano, lamba mmodzi akulendewera, kachitsulo ka pamphuno kosapinda. Mpweya umalowa m'mbali, makamaka kwa andevu.

Zifukwa zawo si zabodza: kutentha kwa Okutobala, odwala ochuluka, magolovesi ochepa kapena a saizi imodzi yokha, komanso kuopa kuti wodwala aona ngati akunyansidwa naye. Kukalipa kumangogwira tsiku limodzi.

Kodi kwanuko chinathandiza n'chiyani? Kuika bokosi la magolovesi ndi sanitayiza pa trole iliyonse kunasinthadi khalidwe? Nanga namwino wamng'ono angamukumbutse bwanji dokotala wamkulu pamaso pa wodwala popanda kumuchititsa manyazi?