Ndigule capper yotani ya mfuti ya onga ya Remington 1858?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mfuti ya onga ya .44, yopangidwa ku Italy motengera Remington 1858 ija, ndipo ndimakawombera nayo pa malo ophunzirira kuwombera kuno ku Ohio. Kuthira onga ndi kukanikiza chipolopolo sindivutika nazo ayi. Chandisowetsa mtendere ndi timakapu toyatsira onga tija.

Zala zanga ndi zikuluzikulu, ndiye kukazizira zimachita dzanzi. Loweruka lapitali, pa timakapu 6, 3 tinagwera mu udzu, ine n'kumagwada kufunafuna ngati ndataya singano, anzanga akudikira. Komanso kukankha kapu ndi chala chachikulu kumandichititsa nthumanzi, kuti itaphulika chala n'kutsala bwanji?

Ndinagula capper (kachida kovekera timakapu pa mfuti) yowongoka, yonga cholembera, yolowa timakapu pafupifupi 15. Mutu wake ndi wonenepa, sukufika pa kamlomo kovekapo kapu, chifukwa mpata wa kumbuyo kwa silinda (mbali yozungulira yolowamo onga ndi zipolopolo) ya Remington ndi wothina kusiyana ndi wa Colt 1851 Navy ya mnzanga. Pa yakeyo imalowa bwinobwino.

Ndiye nditani? Ndipale mutuwo ndi tupa, kapena ndigule yozungulira ngati nkhono ija, yonyamula timakapu pafupifupi 100? Amene muli nayo, imalowa pa Remington osapala? Zosema silinda yeniyeniyo sindikufuna, mfutiyi ndimaikonda momwe ililimu.

China, ndimagwiritsa ntchito timakapu ta nambala 10, koma tikasowa m'sitolo ndimatenga ta 11. Capper imodzi ingagwire mitundu yonse iwiri osataya?