Kodi ulendo wa pandege kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg umatenga maola angati?

Nachisale:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendapo ulendowu. Mwezi wamawa ndikupita ku Johannesburg kukaona mwana wanga amene wachira kumene, ndipo aka kakhala koyamba kuti ndikwere ndege, chifukwa m'mbuyomu ndinkayenda pabasi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kukafika miyendo itatupa moti nsapato zinkakana kulowa. Anzanga akundiuza kuti pandege ndi maola awiri okha, koma tikiti imene ndagula ikusonyeza maola pafupifupi anayi. Kodi mtunda wake ndi wautali bwanji, ndipo kusiyanaku kukuchokera pati? Ndikufuna ndiwauze akamwini anga nthawi yeniyeni yodzandichingamira, popeza ayenera kupempha chilolezo kuntchito.

A Phiri a ku Lumbadzi:
Mayi, tikuyamika Mulungu chifukwa cha mdzukuluyo. Kuchokera pabwalo la ndege la Kamuzu kuno ku Lumbadzi kukafika pabwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 mukayeza molunjika mumlengalenga. Ndege zikuluzikulu zikakwera m'mwamba zimathamanga pa liwiro la makilomita pafupifupi 800 pa ola, koma zimatayako nthawi ponyamuka ndi potera, n'chifukwa chake ulendo wosaima pena paliponse umatenga maola awiri ndi theka kapena kucheperako pang'ono. Choncho anzanuwo sanalakwitse kwenikweni. Ndikukhulupirira kuti ndege yanu idzayamba yatera ku Chileka kuti itenge anthu a ku Blantyre, ndipo nthawi yoima pamenepo ndi imene yatalikitsa ulendowo. Yang'anitsitsani patikitiyo: ngati pali zilembo za BLZ (zoimira Blantyre) pakati pa LLW (Lilongwe) ndi JNB (Johannesburg), ndiye kuti mudzadutsira ku Blantyre. Kuchokera ku Chileka mtunda wotsala ndi makilomita pafupifupi 1,350, umene ndege imauyenda kwa maola awiri ndi mphindi zochepa.

Nangozo wa ku Germiston:
Ndingowonjezerapo kuti nthawi ya ku Malawi ndi ya kuno ku South Africa ndi imodzimodzi, kotero wotchi yanu musadzaisinthe. Chimene chimasokoneza ambiri ndi chakuti nthawi yolembedwa patikiti ndi yotera ndege, osati yotulukira inuyo pakhomo. Bwalo la O.R. Tambo ndi lalikulu kwambiri, ndipo mudzayenda ndithu musanafike pamzere wodinditsa pasipoti, kenako mudzaima pafupi ndi lamba wozungulira kudikira chikwama chanu. Amayi anga atabwera chaka chatha, ndinaima pachipata cha ofika kwa ola lathunthu, maso ali pachitseko, mtima uli m'mwamba, pamene iwo anali pamzere chabe. Akamwini anuwo muwauze kuti awonjezere ola limodzi pa nthawi ya patikiti. Ngati mudzafike masana m'nyengo ya mvula, dziwaninso kuti kuno kumagwa mvula ya mabingu imene nthawi zina imachedwetsa ndege kutera.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana patikiti ndipo zilembo za BLZ zilipodi. Kodi tikadzatera ku Chileka ndidzayenera kutsika ndi katundu wanga, kapena ndidzangokhala pampando mpaka ena atakwera?