Thandizeni, mbalame yatisowetsa mtendere kuno ku Bvumbwe

Membala wobisa dzina: Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni. Pali mbalame ikumalira kuseri kwa nyumba yathu ndipo apongozi akuti ndi malodza, ati tiitane munthu adzatsirike pakhomo. Bambo a kunyumba angoti zii, chonsecho ndalama ikufunikayo ndi ya fizi ya mwana. Eni nyumba nawo akweza lendi, denga likudontha, ine BP yakwera. Mwana wa achemwali akuti pa intaneti pali malo osungirako kulira kwa mbalame. Ndi zoona? Ndikufuna apongozi amve okha kuti ndi mbalame wamba.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Mayi, mwanayo sananame. Tsambalo ndi xeno-canto, linayamba mu 2005. Anthu a m'maiko osiyanasiyana amajambula kulira kwa mbalame n'kuikapo, ndipo pali mapu osonyeza pomwe anajambulira. Lembani Malawi, mumvetsere ulele. Chimandiwawa n'chakuti tili ndi mbalame yotchedwa Thyolo alethe, yosowa kwambiri, koma ana athu saidziwa. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo tinaimaliza ndi nkhwangwa!

Wa kabaza pa Chitakale: Ulele wake uti adala? Bandulo mugula ndinu?

Mayi a mapasa: Ikulira nthawi yanji, ndipo ikumveka bwanji? Ngati ndi usiku mwina ndi kadzidzi kapena lumbe. Simunanene.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Itha kukhalanso alethe. Pofufuza m'mabuku akale muzilemba Cholo ndi Mlanje, atsamunda ankalemba choncho.

Mayi a mapasa: Aphunzitsi, mbalame ya m'nkhalango yowirira ikatani kuseri kwa nyumba ya lendi pa Bvumbwe?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Ikhale kuti poti mitengo munadula? Ndaphunzitsa ana ambiri ine, musandiphunzitse.

Mnyamata wa ku Muloza: Ine zambalame ayi, koma yesani Radio Garden. Limabwera dziko lonse lozungulira lili ndi timadontho tobiriwira, kadontho kalikonse ndi wayilesi. Dzulo ndimamvera ya ku Maputo. Apongoziwo muwatsegulire nyimbo aiwale.

Gogo wa ku Thekerani: Ana inu musamaseke za akuluakulu. Kwathu kadzidzi analira pa denga, sabata isanathe tinaika maliro a mlamu wanga. Mpaka lero mtima umandipweteka.

Wa kabaza pa Chitakale: Pepani agogo. Koma kadzidzi amatsata makoswe. Mayiwa ayang'ane kaye kudenga kodonthako.

Namwino wa ku Mulanje: Ijambuleni mawu pa foni ikayamba kulira, muike pa iNaturalist. Kumeneko anthu odziwa amakuuzani dzina, kaya ndi mbalame, njoka kapena mtengo. Ine ndinadziwirako njoka yomwe inalowa m'khitchini. Za BP zo musazengereze, pitani mukayezetse.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: iNaturalist ndi yabwino pa zithunzi, koma pa kulira xeno-canto ilibe mnzake. Za mitengo pitani pa Flora of Malawi mukaone mkungudza wa m'phiri la Mulanje, usanatheretu nawonso.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Apongozi anena kuti munthu uja abwera Loweruka, ndipo eni nyumba akana kukonza denga. Ndiye ndiyambe tsamba liti?

Mayi a mapasa: Mayi, tiyankheni kaye. Ikulira usiku kapena masana?