Kodi mdulo wa agogo athu ndiye kuthamanga kwa magazi kwa masiku ano?

Mayi wa ku Chibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwana wa mchemwali wanga atamupeza ndi BP yokwera (kuthamanga kwa magazi) kuchipatala, anadzauza apongozi anga kuti wadwala "mdulo wa mchere". Apongozi anamudzudzula kwambiri, ndipo anati mawu amenewo sanenedwa mwachisawawa pagulu. Kodi mwanayu analakwa pati?

Bambo wa ku Katoto:
Agogo anga ku Dedza sankalola mayi amene ali kumwezi kuthira mchere m'ndiwo, koma ankaitana kamwana kuti kathire. Ankati lamuloli likaswedwa, wina pakhomopo atupa miyendo ndi nkhope, ndipo ayamba kumva kupweteka pachifuwa. Ine ndikukhulupirira kuti makolo anawaona matenda a BP asanawadziwe dzina, choncho mwanayo sanalakwe.

Mayi wa ku Zolozolo:
Pepani bambo, apa sindikugwirizana nanu. Agogo anga ankanena tsempho, ndipo nkhani yake inali ya khalidwe la m'banja, makamaka chigololo ndi kuswa miyambo ya pamaliro kapena ya mwana wakhanda. Sankayang'ana kuchuluka kwa mchere, koma dzanja lothira. N'chifukwa chake apongozi anakhumudwa, pakuti mwanayo anali ngati akuneneza munthu wina wa pakhomopo.

Namwino wa ku Luwinga:
Mchere wa m'ndiwo uli ndi sodium. Ukachuluka m'thupi kuposa mmene impso zingachotsere, thupi limasunga madzi ndipo magazi amachuluka m'mitsempha. Palinso zochitika m'maselo (tizigawo ting'onoting'ono ta thupi) a minofu yozungulira mitsempha yaing'ono. Selo lililonse lili ndi pampu yotulutsa sodium atatu ndi kulowetsa potassium awiri, imene wasayansi Jens Skou wa ku Denmark anaitulukira mu 1957, ndipo lilinso ndi khomo lina lotulutsira calcium posinthana ndi sodium wochokera kunja. Sodium akaunjikana mkati mwa selo, khomo lachiwirili limalephera kutulutsa calcium mokwanira, ndipo calcium ndiye amachititsa mnofu kukungika. Mtsempha umapanikizika ngati payipi yofinyidwa, mtima n'kumapopa movutikira. Ndiye chifukwa chake mankhwala a BP otchedwa amlodipine amatseka njira zolowera calcium, pamene ena otchedwa hydrochlorothiazide amathandiza impso kutaya sodium mu mkodzo.

Bambo wa ku Katoto:
Anamwino, mwangotsimikizira zomwe ndanena. Makolo anaika mwambo wokhwima pa mchere, osati pa ufa kapena pa nyemba, chifukwa anaona kuti mchere ndiwo umadwalitsa.

Namwino wa ku Luwinga:
Bambo, mchere wothira kamwana uli ndi sodium yemweyo. Komanso ambiri odwala BP samva kanthu kwa zaka zambiri, ndipo kutupa miyendo kumadza mochedwa, mtima kapena impso zitafooka kale. Kutupa kumene agogo ankaona kungachokerenso ku kunyentchera kapena kuchepa kwa magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kusapitirira magalamu 5 a mchere patsiku, kuwerengera ndi wobisika m'buledi, m'nsomba zothira mchere ndi m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi.

Mayi wa ku Zolozolo:
Ine ndikukumbukira agogo akutcheza chidulo kuchokera ku phulusa la zitsononkho kuti aphikire therere. Ana a lero samachidziwa, ndipo akamva dzinali amalisokoneza ndi mdulo. Atola mawu akale osafunsa akulu, n'kuwaponya paliponse.

Mphunzitsi wopuma wa ku Mchengautuwa:
Zoona mayi. Chondidetsa nkhawa ine ndi achinyamata amene amati "wandikweza BP" munthu akangowakwiyitsa. Kalankhulidwe kameneka kachititsa ambiri kuganiza kuti matendawa ndi mkwiyo wa kanthawi, moti ena amasiya kumwa mankhwala mtima ukakhala pansi, osapitanso kukayezetsa ngati magazi atsika pansi pa 140/90, muyezo umene BP imayambira kutchedwa yokwera.

Bambo wa ku Katoto:
Zonsezi ndamva, koma palibe amene wandiyankha chifukwa chimene mwambowu unasankhira mchere. Ine ndikadali pomwepo.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo nonse. Mwanayo ndimuuza azingoti akudwala kuthamanga kwa magazi ndipo asadumphe mankhwala. Koma amayi a ku Zolozolo, kodi kwanu tsempho ndi mdulo zinali chinthu chimodzi? Apongozi anga akuti n'zosiyana.