Bwanji umphawi sukutichoka chonsecho tikugwira ntchito?

Wakabaza wa ku Chibavi: Abale ndithandizeni maganizo. Ndimapalasa njinga kuno ku Mzuzu kuyambira 5 koloko m'mawa, kunyamula anthu mpaka ku Katoto uko komwe mipanda ikungomera ngati bowa, chaka chachisanu chino koma ndilibe olo mbuzi. Ndiye ena amati osaukafe ndi aulesi, zoona?

NyaZolozolo: Achimwene ulesi ayi, kusauka kumadula basi. Wandalama amagula matumba a chimanga nthawi yokolola chikadali chotchipa nkusunga, ife timagula ka walkman tsiku ndi tsiku, ikafika Januwale chimanga chomwe chija amatigulitsa iyeyo mtengo wokwera. Mwana adwale usiku muthamangira katapila, ine ndinatenga 20 pin kubweza 30 pin mwezi umodzi, ndiye phindu la tomato wanga ndinkagwirira munthu wina. Kubanki akufuna chikole, nanga chikole ndichitenga kuti, mbaula?

Mwana wa tenanti: Zoona mayi. Bambo anga anachoka ku Mulanje kudzalima fodya pa esiteti ina ku Mzimba, chimanga, sopo, mchere zonse amalemba m'kope ngati ngongole, fodya akagulitsidwa ku okushoni bwana ndi amene amawerengetsera, bambo kutsala ndi yongogulira mathalauza. Ine sitandade 5 ndinaibwereza kawiri chifukwa nthawi yosoka fodya kusukulu kunalibe kupita. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994 inde, koma mwana wa bwana uja amaphunzira ku pulaiveti, lero ali pa ofesi.

Luwinga Boyz: Koma nafenso tisamangoloza ena chala, ndalama ikapezeka timathera ku bawo ndi kachasu. Anzathu apita ku Joni abwera amanga nyumba zamalata kumudzi.

NyaZolozolo: Iwe transipoti ya ku Joni ndi pasipoti wakabaza azitenga kuti? Opitawo ambiri kwawo kunali ng'ombe yogulitsa kapena m'bale amene anatsogola. Ndipo taonani kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, wokhala ndi nyumba za lendi anangokweza lendi, wa golosale kukweza shuga, nanga wa ganyu akweza chani?

Wakabaza wa ku Chibavi: Yewo mayi, apo mwalasa. Ine nditakweza mtengo makasitomala anangoyamba kuyenda wapansi, pomwe tayala ndi tchubu zinakwera tsiku lomwelo. Banki m'khonde yanu ku Zolozoloko amalola amuna? Njingayi ndi yobwereka, mwini wake ndimam'patsa yake madzulo alionse olo kugwe mvula tsiku lonse.